Kodi Agogo a ku Japan Tingawafunse za Nkhondo?



Ena mwa inu achinyamata amene mukukonzekera ulendo wokaphunzira ku Japan mukakhala m'nyumba za mabanja a kumeneko, ena mukaphunzirira ntchito m'zipatala ndi m'minda momwe muli okalamba ambiri. Japan ndi dziko la nkhalamba: pa anthu khumi alionse, mmodzi anakwanitsa kale zaka 80. Ndiye tsiku lina mudzapezeka mwakhala pansi ndi agogo ena, funso likukuyabwani pakhosi: kodi nthawi ya nkhondo ija munali kuti? Ndikudziwa kuti ena akulangizani kale kuti musayerekeze, ati anthu a ku Japan nkhani imeneyi saifuna. Ine malangizo amenewo sindigwirizana nawo. Amateteza mlendo ku manyazi, koma nkhalambayo saithandiza kanthu. Kufunsa n'kololedwa, ndipo nthawi yofunsira yatsala pang'ono kutha. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti timafunsa tisanadziwe kuti amene tikumufunsayo ndi ndani.

Tiyambe ndi masamu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inatha mu Ogasiti 1945. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 nthawi imeneyo, ngati akadali moyo, lero anapitirira zaka 100. Asilikali amene anagwira mfuti ku China, ku Philippines kapena ku Burma atsala owerengeka. Agogo amene inu mukakumane nawo m'basi kapena pa chakudya chamadzulo anabadwa cha m'ma 1935 mpaka 1940, kutanthauza kuti nkhondo inkatha ali ndi zaka zisanu kapena khumi. Sanalamule gulu lankhondo, sanavotere aliyense. Mukawafunsa chifukwa chimene dziko lawo linalowera China mu 1937, kapena chimene linaphulitsira Pearl Harbor mu 1941, ndiye kuti mukuimba mwana wa pulayimale mlandu wa akuluakulu a asilikali. Koma mukawafunsa zimene ankadya ali mwana, mudzamva zambiri.

Kuyambira mu 1941 mpunga m'mizinda ikuluikulu unkagawidwa ndi makadi. Pofika 1944 mabwalo a masukulu anali atalimidwa mbatata ndi maungu. Anthu ankadya ndi mapesi a mbatata omwe, komanso phala lamadzimadzi loti timbewu ta mpunga umachita kuwerenga. Amayi ankanyamula zovala zawo zamtengo wapatali kupita nazo kumidzi kukasinthanitsa ndi chakudya. Mabelu a mu akachisi ndi ziwiya zachitsulo za m'nyumba zinatengedwa kukasungunulidwa. Amayi ndi atsikana ankaphunzitsidwa kubaya ndi mikondo yansungwi, kuti adzalimbane ndi adani obwera ndi akasinja. Mpaka lero alipo okalamba amene mbatata ndi maungu saziyang'ana n'komwe. Mukadzaona agogo akukankha mbale ya maungu, mwina nkhani yonse ili pamenepo.

Mu 1944 boma linayamba kuchotsa ana asukulu m'mizinda poopa mabomba. Ana oposa 400,000 anapita m'magulu ndi aphunzitsi awo kukagona mu akachisi ndi m'nyumba za alendo kumidzi. Kumeneko kunali njala, nsabwe, ndi kulira kwa usiku kofuna amayi. Ena atabwerako sanapeze nyumba kapena mbale aliyense. Usiku wa pa 9 kuchera pa 10 Malichi 1945, ndege za America pafupifupi 300 zinathira mabomba oyatsa moto kummawa kwa mzinda wa Tokyo, kumene nyumba zinali zamatabwa, zothithikana. Kunali mphepo yamphamvu. Anthu pafupifupi 100,000 anafa usiku umodzi, ena ndi moto, ena pomira mumtsinje wa Sumida akuthawa motowo. Ana ambiri a kalasi yomaliza anali atangobwera kuchokera kumidzi kudzachita mwambo wotsiriza sukulu. Ndipo dziwani kuti boma la Japan lakhala likupereka penshoni kwa asilikali ndi mabanja awo, koma anthu wamba amene anavulala kapena kutaya makolo pa mabomba amenewa sanalandire chipukuta misozi chotero. Amenewa ali ndi dandaulo, ndipo ambiri amafunitsitsa munthu womvetsera.

Masana a pa 15 Ogasiti anthu anasonkhana pa mawailesi kuti amve mawu a mfumu yaikulu Hirohito, mawu amene ambiri anali asanawamvepo chibadwire. Wailesi inkachita phokoso, chilankhulo chinali cha kunyumba yachifumu, moti ambiri anadziwa kuti nkhondo yatha ataona akuluakulu akulira. Ana ambiri chimene anakumbukira n'chakuti tsopano nyale zinkayatsidwa usiku osaziphimba ndi nsalu yakuda.

Sukulu zitatsegulidwa, mphunzitsi yemwe uja amene miyezi ingapo yapitayo ankaphunzitsa kuti kufera mfumu ndi ulemu waukulu, anauza ana kuti atulutse mabuku, inki ndi burashi yolembera. Tsegulani tsamba lakuti, detsani kuyambira mzere uwu kukafika apa. Ana anapaka inki yakuda pa nkhani za asilikali, za ndege, za sitima zankhondo, masamba ena mpaka kuda onse. Taganizirani mwana wa zaka zisanu ndi zinayi akufufuta ndi dzanja lake lomwe zimene dzulo ankakalipiridwa kuti aloweze pamtima. Mbadwo umenewo unakula usakumeza msanga mawu a boma, ndipo ambiri mwa iwo akhala patsogolo kuteteza ndime 9 ya malamulo a dziko a 1947, imene imakana nkhondo ngati njira yothetsera mikangano. Munthu wotere si wosafuna kukamba za nkhondo. Nthawi zambiri amangoona kuti zidzukulu zake zilibe nazo ntchito.

Funso lina lofunika ndi la kumene anakulira, chifukwa nkhondo ya ku Hiroshima si ya ku Okinawa, ndipo ya ku Okinawa si ya ku Manchuria.

Ku Hiroshima bomba la atomiki linagwa pa 6 Ogasiti nthawi ya 8:15 m'mawa, ndipo pomatha chaka anthu pafupifupi 140,000 anali atafa. Mwa iwo munali ana asukulu pafupifupi 6,000 amene tsikulo anatumidwa kukagwetsa nyumba kuti moto usamafalikire. Ku Nagasaki linagwa pa 9 Ogasiti, n'kupha anthu oposa 70,000. Opulumuka, amene amatchedwa hibakusha, anasalidwa koopsa. Mabanja ankakana kuti mwana wawo akwatirane ndi munthu wopulumuka bomba poopa kuti ana adzabadwa olumala, ndipo olemba ntchito ankati ndi anthu odwaladwala. Ambiri anabisa. Ena sanauze ngakhale amuna awo kapena ana obereka okha. Pa zaka zoyambirira za ulamuliro wa America, umene unatha mu 1952, nyuzipepala sizinkaloledwa kulemba momasuka za zimene bombalo linachita m'matupi a anthu. Ndiye mukakumana ndi chete wa munthu wa ku Hiroshima, musathamangire kunena kuti ndi chikhalidwe cha Ajapani. Chete ameneyo anamuphunzitsa ndi anthu anzake.

Komabe anthu omwewo ndi amene anakhazikitsa bungwe la Nihon Hidankyo mu 1956, ndipo akhala akuyenda m'mayiko kufotokoza zimene anaona, mpaka bungweli linalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2024. Amene anakalankhula ku Oslo, a Terumi Tanaka, anali ndi zaka 13 pamene bomba linagwa ku Nagasaki. Mu Malichi 2025 chiwerengero cha opulumuka olembedwa m'kaundula wa boma chinatsika kufika pansi pa 100,000 koyamba, ndipo zaka zawo pa avareji zinali 86. Mzinda wa Hiroshima unaona kuti mboni zikutha, moti mu 2012 unayamba kuphunzitsa anthu ocheperapo msinkhu kuti asenze umboni wa nkhalamba imodziimodzi n'kumaufotokoza iyo ikadzapita. Anthu ochita zimenezi sangakhumudwe chifukwa choti mlendo wochokera ku Africa wafunsa.

Ku Okinawa nkhondo inamenyedwa pansi, pakati pa midzi, kuyambira Epulo mpaka Juni 1945. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu anayi alionse a pachilumbacho anafa. Dandaulo la kumeneko silikhudza America yokha. Okalamba amakamba za asilikali a Japan amene ankatulutsa anthu m'mapanga obisalamo, kuwalanda chakudya, kupha ena powaganizira kuti ndi akazitape, ndi kupatsa mabanja mabomba apamanja kuti adziphe okha asanagwidwe. Mu 2007, boma litafuna kuti mabuku a sukulu asatchule kuti asilikali ankakakamiza anthu kudzipha, khamu lalikulu linasonkhana ku Ginowan kukana, ndipo okonza msonkhanowo anati panali anthu 110,000. Mukadzafika ku Mabuni mudzaona miyala imene inaimikidwa mu 1995, yolembedwa mayina oposa 240,000 a anthu amene anafa, Ajapani, Aamerika, Akorea ndi ena, popanda kusiyanitsa mdani ndi mbale. Ndiponso pali sitima ya Tsushima Maru, imene inanyamula ana othawitsidwa ku Okinawa ndipo inamizidwa pa 22 Ogasiti 1944. Anthu oposa 1,400 anafa, pafupifupi 780 mwa iwo ana asukulu, ndipo opulumuka analamulidwa kuti asauze munthu.

Enanso anabadwira ku Manchuria kapena ku Korea, kumene makolo awo anapita ngati atsamunda. Anthu oposa 6 miliyoni, asilikali ndi anthu wamba, anabwerera ku Japan nkhondo itatha. Pothawa ku Manchuria amayi ena anasiya ana awo m'manja mwa mabanja a Chitchaina, ndipo ntchito yobweretsa anawo kudzafunafuna abale inayamba mu 1981, iwo ali kale anthu akuluakulu osadziwa Chijapani. Amuna pafupifupi 600,000 anatengedwa ndi Soviet Union kukagwira ntchito yakalavulagaga ku Siberia ndi madera ena, ndipo oposa 50,000 anafera komweko.

Tsopano wina anena kuti: bambo, mwatiuza za masautso a Ajapani okhaokha, nanga zimene iwo anachitira anzawo? Funso limenelo n'loyenera, ndipo sindikufuna mukwere ndege mukuganiza kuti ulemu ndi kuiwala. Asilikali a Japan atalanda Nanjing mu Disembala 1937 anapha anthu wamba ndi akaidi, n'kugwiririra amayi ochuluka. Khoti limene linazenga milandu ya nkhondo ku Tokyo linati ophedwa anaposa 200,000, ndipo China imati 300,000. Pafupi ndi Harbin, gulu la Unit 731 linkayesera tizilombo ta matenda pa anthu amoyo. Amayi a ku Korea, China, Philippines ndi mayiko ena anatsekeredwa m'nyumba zoti asilikali azigona nawo. Mu Ogasiti 1991 mayi Kim Hak-sun a ku Korea anaimirira poyera n'kunena zimene zinawachitikira. Akaidi ankhondo ndi anthu a ku Asia ogwidwa ukapolo anafa miyandamiyanda pomanga njanji yapakati pa Thailand ndi Burma. Mnzanu wa m'kalasi wochokera ku Seoul kapena ku Nanjing ali ndi agogo akenso, ndipo nkhani yawo ndi ina.

Chimene ndikufuna muone n'chakuti nkhani zimenezi zakhala zikukokanidwa pakati pa Ajapani eniake, ndipo ena analipira mtengo waukulu. Katswiri wa mbiri yakale Saburo Ienaga anatengera boma kukhoti kuyambira 1965 mpaka 1997, zaka 32, chifukwa linkamulamula kufufuta zinthu m'buku lake la sukulu. Pomaliza khoti lalikulu linagamula kuti kumuletsa kutchula Unit 731 kunali kuphwanya lamulo. Meya wa Nagasaki, Hitoshi Motoshima, ananena mu Disembala 1988 kuti mfumu yaikulu inali ndi udindo pa nkhondoyo. Mu Januwale 1990 munthu wina wa gulu lokonda dziko monyanyira anamuwombera ndi mfuti, mwamwayi anapulumuka. Nduna yaikulu Tomiichi Murayama inapepesa m'dzina la boma pa 15 Ogasiti 1995 chifukwa cha utsamunda ndi kuukira mayiko ena. Ndipo mu Ogasiti 2024 a Hideo Shimizu, amene analowa Unit 731 ali mnyamata wa zaka 14, anapita ku Harbin ali ndi zaka 94 kukawerama ndi kupepesa. Kumbali inayo kuli andale amene amapitabe kukachisi wa Yasukuni, kumene mu 1978 anaikako mayina a atsogoleri 14 oimbidwa milandu ikuluikulu ya nkhondo, ndipo ulendo uliwonse wotero umakwiyitsa China ndi Korea.

Ndiye nkhani izi zili ndi malo ake: m'kalasi, m'laibulale, pocheza ndi aphunzitsi kapena ndi mnzanu amene mwazolowerana. Pa tebulo la agogo amene akulandirani m'nyumba yawo, tsiku loyamba, si pamalo pake. Chifukwa china n'choti anali ana, monga ndanena. Koma palinso china chozama. Bambo awo kapena achimwene awo ndi amene anapita ku China, ndipo ambiri anabwerako ali anthu ena. Sankalankhula. Ena ankamwa mowa mwauchidakwa, kumenya akazi, kukuwa kutulo. Asilikali ovulala m'maganizo ankatumizidwa kuchipatala cha Konodai ku Chiba, pamene akuluakulu ankauza dziko kuti msilikali wa mfumu sadwala nthenda yotero. Mu 2018 a Akio Kuroi anayambitsa gulu loti ana a asilikali otere azikumana n'kumakambirana za abambo awo, ana amene tsopano ndi nkhalamba. Mayi wa zaka 85 mukamufunsa za Nanjing, mwina mukumufunsa funso limene iye anaopa kufunsa bambo ake kwa moyo wonse.

Nanga mufunse bwanji? Kwathu kuno tikapita kukapepesa maliro sitiima pakhomo n'kufunsa kuti anamwalira ndi chiyani. Timalowa, timakhala pansi, timakhala chete pang'ono, ndipo ofedwawo akafuna amayamba okha kulongosola mmene matenda anayendera. Luso limenelo muli nalo kale, pitani nalo. Yambani ndi mafunso oti munthu angathe kuyankha mwachidule ngati safuna zambiri. Munakulira kuti, agogo? Kusukulu kwanu kunali bwanji? Munkadya chiyani muli ana? Munthu wobadwa mu 1937 sangayankhe mafunso amenewa osagunda nkhondo, ndipo akaigunda asankha yekha kulowa kapena kulambalala. Akati ndinali wamng'ono, sindikukumbuka, kapena akaseka pang'ono n'kuyamba kukufunsani za nyengo ya kwanu, ameneyo wakana, ndipo musabwereze. Anthu a kumeneko sakonda kukana mwachindunji, ndiye khutu lanu lizimva ayi amene sanatchulidwe. Akayamba kufotokoza n'kuima pakati, musadzaze mpatawo ndi mawu. Musatulutse foni kuti mujambule osapempha, ndipo zimene mwamva m'nyumba musakaziike pa Facebook.

Pali mawu ena oti musawanene ngakhale mutawawerenga m'buku. Musauze munthu wa ku Nagasaki kuti bomba linathandiza kuti nkhondo ithe msanga. Akatswiri amatsutsana pa mfundo imeneyo mpaka lero, koma amene amayi ake anapsa si woti mumuyesere mfundo. Musafunse mwamuna wokalamba kwambiri ngati anapha munthu. Ndipo nthawi zina mudzamva zimene simukugwirizana nazo, monga zoti Japan inkamasula Asia ku ulamuliro wa azungu. Alipo okhulupirira zimenezo. Simukukakamizidwa kuvomera. Mungathe kunena mwaulemu kuti anzanu a ku Korea ndi ku China amakuuzani zosiyana, kenako n'kusiya pomwepo. Ife amene tinalamulidwapo ndi atsamunda tikudziwa kuti nawonso ankati akutithandiza.

Mwezi wa Ogasiti nkhaniyi imadzitsegukira yokha. Wailesi yakanema imadzaza ndi maumboni. Pa 15 Ogasiti kuholo ya Nippon Budokan kumachitika mwambo wokumbukira anthu 3.1 miliyoni amene anafa, ndipo 12 koloko masana dziko limakhala chete kwa mphindi imodzi. Ngakhale mpikisano wa baseball wa masukulu a sekondale ku Koshien umaima, osewera n'kuwerama. Ndi masiku omwewo a Obon, pamene mabanja amapita kumanda a makolo awo. Mukaona chithunzi cha mnyamata wovala yunifolomu pafupi ndi guwa la m'nyumba, kufunsa kuti ameneyu anali ndani si mwano.

Chomaliza chikukhudza ife mwachindunji. Achinyamata a ku Japan akhala akubwera ku Malawi kudzagwira ntchito mongodzipereka kuyambira 1971, ndipo ambiri timawadziwa ngati aphunzitsi ndi anamwino. Koma kukumana kwathu ndi Japan kunayamba kale, ndipo kunali kwa mfuti. Mu 1944 asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, pamodzi ndi a Northern Rhodesia Regiment, anali m'gulu la 11th East African Division ku Burma. Analowa m'chigwa cha Kabaw mvula ili pachimake, m'matope ndi malungo, akuthamangitsa asilikali a Japan amene anagonja ku Imphal ndi Kohima, ndipo mu Disembala anafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin. Ajapani amene ankathawawo ankafa ndi njala, kamwazi ndi malungo m'mbali mwa njira, moti opulumuka anaitcha njira ya mafupa. Mwa asilikali a Japan pafupifupi 300,000 amene anatumizidwa ku Burma, oposa theka sanabwerere kwawo.

Choncho n'zotheka ndithu kuti agogo a agogo anu, kapena amalume a amayi anu, anadutsa pa mitembo ya abale a munthu amene adzakulandireni ku Japan. Onsewo anatumidwa ndi mafumu akutali kukafera m'nkhalango ya eni. Ajapani ambiri sadziwa n'komwe kuti ku Burma kunali asilikali a ku Africa, ndipo mukadzawauza adzadabwa, mwinanso ndi iwo amene adzayambe kukufunsani. Ndiye musananyamuke kafunseni kwanu ngati m'banja mwanu munali wina amene anapita ku Burma, dzina lake, mudzi wake, ngati anabwerako, ndi ngati ankakambako. Amene muli ndi mpata pitani ku Zomba mukaone chipilala cha King's African Rifles.